Chingerezi cha Fomu 1 chikumuvuta mwana

Funso: Mayi wina wa ku Dedza akudandaula kuti mwana wawo anakhoza bwino Sitandade 8, koma ku Fomu 1 Chingerezi chikumuvuta. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Mphunzitsi wina wa phunziroli akuti zimenezi si zachilendo. Silabasi ya ku sekondale, yomwe imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, sifuna galamala yongoloweza. Mwana amayenera kuwerenga nkhani n'kuyankha mafunso, kulemba kalata ndi chimangirizo, komanso kuzukuta nthano ndi ndakatulo. Ambiri amagwa pa chimangirizo chifukwa sanazolowere kulemba ndime yathunthu.

Tsono madzulo mwanayo aziwerenga nyuzipepala mokweza, kenaka alembe zomwe wamva m'ziganizo zisanu, mayi akewo ali pompo. Asadikire Fomu 2, chaka chomwe MANEB imalembetsa mayeso a JCE.