KUPEZA ALIMI A KAFUKUFUKU MWA NJIRA YOLOZERANA

Nkhokwe ya mbewu ya ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, ndi ya maiko a SADC imene ili ku Chalimbana m'dziko la Zambia zimasunga mbewu zamakolo monga nzama, mawere ndi mapira. Koma alimi amene akali ndi mbewu zimenezi ndi ochepa, ndipo kawirikawiri maina ao sapezeka m'kaundula wa makalabu. Mlimi wotere akamwalira, kapena mbewu yake ikafumbwa ofufuza asanam'fike, mtunduwo ungathe kutheratu. N'chifukwa chake mlangizi ayenera kudziwa njira yolozerana, imene pa Chingerezi imatchedwa snowball sampling. Katswiri wa masamu Leo Goodman anaifotokoza m'chaka cha 1961.

M'mene njirayi imayendera

Mlangizi amayamba ndi alimi ochepa amene akuwadziwa. Akatha kucheza ndi aliyense, amam'pempha kuti alozere anzake olima mbewu yomweyo, ndipo olozeredwawo amalozeranso ena. Mwachitsanzo, alimi 5 akalozera anthu 3 aliyense, pamapezeka alimi 15. Awanso akatero, pamapezeka 45. Onse pamodzi amakwana 65 ngati palibe dzina lobwerezedwa.

Choopsa chake

Munthu amalozera amene amayenda naye: mbale wake, wa mpingo wake kapena wa kalabu yake. Mayi wamasiye wokhala kumalire kwa mudzi angathe kusiyidwa, chonsecho ndiye wasunga nzama yakale. Komanso, popeza alimiwa sanasankhidwe mwa maere, zotsatira zake sizingaimire dera lonse. Ngati alimi 40 mwa 65 aja amasunga mbewu m'phulusa, lipoti linene za alimi 65 okhawo, osati za boma lonse.

Zoyenera kutsata

1. Oyambira akhale a midzi yotalikirana, amayi ndi abambo, achikulire ndi achinyamata, a m'kalabu ndi osakhala m'kalabu.

2. Mlimi mmodzi asalozere anthu opitirira 3. Kuika malire otere ndi mbali ya njira imene Douglas Heckathorn anaikonza m'chaka cha 1997, ndipo kumaletsa kuti banja limodzi lidzaze kafukufuku yense.

3. Mlangizi alembe amene walozera mnzake ndi ubale wao, pogwiritsa ntchito manambala m'malo mwa maina. Akaona kuti onse ndi a fuko limodzi, ayambenso ndi munthu wina kumudzi wina.

4. Nyakwawa idziwitsidwe ntchito isanayambe, koma isakhale yopereka maina onse.

5. Wolozera ayambe wafunsa mnzakeyo ngati akulola kuchezeredwa. Wokana asakakamizidwe, ndipo zimene wina wanena zisaululidwe kwa mnzake.

6. Mlangizi anene poyera kuti kulembedwa sikutanthauza kulandira feteleza kapena ngongole. Akapanda kutero, anthu adzalozera abale ao osalima konse mbewuyo.

7. Maina omwe aja akayamba kubwerabwera, ndiye kuti gulu limenelo latha.

Pomwe kaundula wathunthu alipo, monga wa alimi a sikimu ya mthirira, kusankha mwa maere ndiko koyenera. Njira yolozerana igwiritsidwe ntchito pokhapo pamene ofunidwawo ndi ochepa ndiponso obalalika, ndipo lipoti lililonse litchule kuti alimiwo anapezeka mwa njira imeneyi.