Chingerezi cha Kugombe: Makalata a Sabata Ino

 Makalata adzaza ngati usipa pathandala, tisachedwe.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa Fomu 3 ku Bandawe. Akufunsa kusiyana kwa "borrow" ndi "lend". Mwana wanga, funso limeneli ndimayankha pafupifupi mwezi uliwonse. "Borrow" ndi kubwereka, "lend" ndi kubwereketsa. Wopempha nkhafi ndiye wa "borrow", mwini nkhafi ndiye wa "lend". Usadzanenenso "borrow me your pen". Uziti "lend me your pen". Tinthu totere ndi timene timadya malikisi pa MSCE.

Yachiwiri, mayi wogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu wa M5 akuti pachikwangwani alembe "flesh fish" kapena "fresh fish"? Mayi, lembani "fresh", ndiye kuti yongovuula kumene. "Flesh" ndi mnofu. Kwathu kuno r ndi l timangoziona ngati mapasa, koma m'Chingerezi "rice" ndi mpunga pamene "lice" ndi nsabwe. Muuzeni wolemba zikwangwaniyo asanaviike bulashi mu penti.

Yachitatu ndi ya bambo amene amalondera pamalo ogona alendo ku Kande. Akuti anauza mlendo kuti "I am coming" ali kutuluka pageti, mlendoyo n'kungoti kukamwa yasa. Bambo, imeneyo ndi "ndikubwera" wathu mwangomuveka jekete. Mukamachoka muziti "I will be back".

Tsopano kalata iyi ndiikhalira pansi. Alemba ndi gogo wina wa kufupi ndi Makuzi. Akuti mdzukulu wawo, amene amaperekera zakudya kwa alendo, anadzudzulidwa chifukwa chonena kuti "give me the plate". Akufunsa: kodi "give me" ndi mwano?

Gogo, si kutukwana ayi, koma ndi mawu ouma. Ife ulemu tinauika mu "inu", mu "a" wa patsogolo pa dzina, mu "-ko" wa "mundipatseko", ngakhale m'manja awiri polandira. Mngerezi ali ndi "you" mmodzi yekha, yemweyo kwa khanda, yemweyo kwa mfumu. Kalekale analinso ndi "thou" wonenera munthu mmodzi, amene mumamupeza m'Baibulo la King James la 1611, koma anamusiya. Ulemu wake anakausunga mu "please", "may I", "could you", "would you". Ndiye mwana akati "give me", m'khutu mwa mwini chinenero zikumveka ngati "patse". Ndani mwa ife angauze apongozi ake kuti "patse"? Aziti "may I have the plate, please".

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Nditangoyamba uphunzitsi ndinapita ku ofesi ina kukapempha fomu, ndine uyo: "I want a form." Mayi wachikulire amene anali pamenepo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa mwa Chichewa ngati kwathu kulibe akuluakulu. Mpaka lero ndimamuthokoza.

Koma chimene chimandiwawa kwenikweni, ndipo ndinena sabata iliyonse mpaka mutope nane, ndi ana athu a kugombe. Akangoona mlendo pamchenga, liwiro: "Give me money! Give me pen!" Makolo, inu muli pomwepo mukusoka ukonde, osadzudzula. Chingerezi choyamba m'kamwa mwa mwana chikhale chopemphetsa? Kuno? Kumbukirani kuti mishoni ya Livingstonia itachoka ku Cape Maclear inadzakhazikika pa Bandawe mu 1881, Dr Robert Laws akutsogolera, isanakwere ku Khondowe mu 1894. Atonga anali m'gulu la oyamba kugwira choko ndi sileti m'dziko muno. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira, anakayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Chingerezi chake chinali choimirira nacho pamaso pa mabwana, kufunira anthu akuda malipiro oyenera. Ife zidzukulu tichisandutse mbale yopemphera?

Aphunzitseni "good morning", "you are welcome", "thank you". Akamagulitsa ziboliboli kapena kupalasa alendo pabwato, anene mtengo ndi ulemu, alandire cha thukuta lawo. Mwana sakulira nakubala yekha. Mukamva wa mnzanu akukuwa "give me", muitaneni, mumulangize ngati wanu.

Nthawi yatithera. Bambo amene mwafunsa chifukwa chake alendo amakana kuti nyanja yathuyi ndi "sea", yankho lachidule ndi lakuti iyi ndi "lake", madzi ake opanda mchere. Zotsalazo tidzaziona sabata yamawa. Pitirizani kulemba, ndipo gogo, mdzukuluyo mumuuze asataye mtima.