Nkhukundembo ya Lachinayi Imayambika Loweruka

Ana anga, inu amene mwangolowa kumene m'banja, ndi inu amene mwafika ku America chaposachedwa ndipo achibale akuti chaka chino phwando la Thanksgiving lichitikira kwanu, khalani pansi ndikuuzeni za nkhukundembo. Ndaiwotcha zaka zambiri ndili ku Lafayette, kum'mwera kwa Louisiana, ndipo zimene ndikuuzenizi ndinaziphunzira nditawononga kaye mbalame yathunthu alendo akuona.

Chaka choyamba ndinagula nkhukundembo ya makilogalamu 6 Lachitatu madzulo, itauma gwa ndi ayezi. Mumtima ndinkati ndi nkhuku yomweyi, kungoti yaikulu. Ndinaisiya patebulo usiku wonse, m'mawa ndinaiwaza zokometsera za m'botolo mpaka inafiira psu, kenako ndinaiika mu uvuni wotentha kwambiri kuti ipse msanga. Alendo atakhala pansi, khungu linali litapserera ndipo linkawawa mkamwa, nganga inali youma yosamezeka, ndipo mpeni utafika pafupa la ntchafu panatuluka magazi. M'mimba mwake munali mudakali kathumba ka chiwindi ndi nthutumba. Tsiku limenelo anthu 9 anadya mpunga ndi ndiwo zamasamba. Palibe amene ananditonza, koma zinandipweteka, chifukwa mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amapita ndi zimene wadya.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana ndi yathu, mbadwa ya komweko, amene ankalankhulabe Chifalansa cha makolo ake. Anandiuza kuti mbalameyi siphikidwa tsiku limodzi, ndiponso kuti tsabola wowazidwa pakhungu amangopsa, salowa m'nyama. Zonse zimene ndinaphunzira pambuyo pake zinachokera pa mawu awiri amenewa.

Musanagwire tsabola, dziwani kaye eni ake a kaphikidweka. Anthu otchedwa Cajun ndi zidzukulu za anthu olankhula Chifalansa amene ankakhala ku Acadia, dera limene lero ndi Nova Scotia ndi madera oyandikana nalo ku Canada. Kuyambira mu 1755 Angerezi anawasamutsa mokakamiza, ndipo ena mwa iwo anakakhazikika m'madambo a kum'mwera kwa Louisiana. Kumeneko anakumana ndi anthu ochokera ku Africa, Amwenye a ku America ndi anthu a ku Spain, ndipo mphika wawo unatengako kwa onsewo. Chinali chakudya cha alimi ndi asodzi, anthu osataya kanthu. Dziko lonse linachidziwa bwino kudzera mwa Paul Prudhomme, mwana womaliza m'banja la ana 13 la kufupi ndi Opelousas, amene anatsegula malo odyera otchedwa K-Paul's ku New Orleans mu 1979. Chiyambire nthawi imeneyo anthu ambiri amaganiza kuti chakudya cha Cajun ndi tsabola wowotcha lilime basi. Eni ake saphika choncho. Kwa iwo tsabola amayenda pamodzi ndi adyo, anyezi ndi masamba onunkhira, ndipo wakudya amafunika amve zonsezo.

Langizo loyamba ndi la kusungunula. Thanksgiving imachitika Lachinayi lachinayi la mwezi wa November, choncho nkhukundembo ya makilogalamu 6 ichoke mufiriza Loweruka madzulo. Iikeni pathileyi pansi penipeni pa furiji, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Makilogalamu 2 aliwonse amafuna tsiku lathunthu, kutanthauza kuti mbalame imeneyi ikufuna masiku 3. Musaisiye patebulo monga ndinachitira ine, chifukwa kunja kwake kumafunda mkati mudakali ayezi, ndipo pamalo ofundawo ndi pamene tizilombo ta salmonella timaswana. Mukachedwa kugula, imizeni m'madzi ozizira ili m'pulasitiki yake, muzisintha madziwo pa mphindi 30 zilizonse. Pamenepo werengerani pafupifupi ola limodzi pa kilogalamu, ndipo ikangosungunuka muiphike nthawi yomweyo. Ikafewa, pisani dzanja mbali zonse ziwiri, kumimba ndi kukhosi, mutulutse khosi ndi kathumba ka zamkati. Zimenezo musataye.

Pano pali chinthu chimene chimativuta ife obadwira kwathu. Tinakula tikutsuka nkhuku, ndipo n'zoyenera pa nkhuku imene mwaipha nokha n'kuisosola. Koma nkhukundembo ya m'sitolo musaitsuke pampopi. Madzi amathovukira pambale, pamasupuni ndi pamasamba amene mudye osaphika, ndipo tizilombo timapita nawo. Chimene chimapha tizilomboto ndi moto. Ipukuteni ndi mapepala a m'khitchini mpaka iume, mutaye mapepalawo, musambe m'manja ndi sopo, ndipo thabwa ndi mpeni muzitsuke ndi madzi otentha.

Langizo lachiwiri ndi la mchere. Werengani kaye zimene zalembedwa papulasitiki. Nkhukundembo zambiri za m'masitolo a ku America amazibaya kale madzi a mchere kufakitale, ndipo mukaonjezera wina simuidya. Ngati ilibe mchere, Lachiwiri madzulo tengani masupuni aakulu awiri ndi theka a mchere wosalala, muupake pansi pa khungu la nganga ndi ntchafu, wotsalawo pamwamba ndi mkati. Ibwezereni mufuriji, ndipo usiku womaliza ikhale yosavindikira. Mcherewo umayamba watulutsa madzi m'nyama, n'kusungunukamo, kenako nyama imamwanso madziwo pamodzi ndi mchere. N'chifukwa chake mbalame yogonera mchere imakoma mpaka pafupa ndipo siuma msanga pamoto. Mphepo ya mufuriji nayo imaumitsa khungu kuti lidzakhale lokhukhuluza.

Langizo lachitatu ndi la zokometsera, ndipo ndikupemphani kuti musakanize nokha. Zambiri za m'mabotolo, monga za Tony Chachere's zimene zimapezeka pafupifupi m'khitchini iliyonse ku Louisiana, zili ndi mchere wambiri, ndipo inu mchere mwathira kale. Tengani masupuni aakulu 3 a paprika, supuni yaikulu imodzi ya adyo waufa ndi imodzi ya anyezi waufa. Onjezerani timasupuni ta tiyi tiwiri ta tsabola wakuda, kamodzi ka tsabola woyera, tiwiri ta tsabola wofiira wa cayenne, tiwiri ta thyme ndi tiwiri ta oregano. Mayi uja anandiphunzitsa kuti mitundu itatu ya tsabolayi siwawa mofanana: wakuda amanunkhira, wofiira amaluma lilime, woyera amamveka mochedwa kukhosi. Ngati patebulo padzakhala ana ndi agogo, chepetsani cayenne. Wofuna moto wambiri adzadzithirira yekha Tabasco, amene amapangidwa ku Avery Island komweko kuyambira mu 1868.

Lachinayi m'mawa sakanizani magawo awiri mwa atatu a zokometserazo ndi batala wofewa wokwana magalamu 200. Lowetsani zala pakati pa khungu ndi nyama, kuyambira kumapeto kwa nganga, muzikankha pang'onopang'ono kuti khungu lisang'ambike, mpaka mufike ku ntchafu. M'menemo ndi mmene mupake batalayo. Khungu limakhala ngati chivindikiro, batala amasungunukira m'nyama, ndipo paprika ndi adyo sizipsa. Pamwamba pakani mafuta ophikira pang'ono ndi kuwaza zokometsera zochepa chabe. Anthu ambiri a ku Louisiana amagwiritsa ntchito jakisoni wamkulu wa kukhitchini, n'kubaya nyama ndi batala wosungunula wosakaniza ndi adyo ndi tsabola. Nayonso ndi njira yabwino, cholinga chake n'chomwecho, choti kukoma kukhale mkati.

M'mimba mwa mbalame musadzazemo mpunga kapena buledi. Zimachedwetsa kupsa, ndipo pofika nthawi yoti zamkatizo zipse nganga imakhala itauma. Ikanimo anyezi wodula pawiri, ndimu, timitengo ta celery ndi tsabola wobiriwira wosawawa. Anyezi, celery ndi tsabola wobiriwira ndiwo maziko a mphika uliwonse wa Cajun, monga mmene tomato ndi anyezi zilili pa ndiwo za kwathu. Zina mwa izo muziyale pansi pa thileyi, mbalame ikhale pamwamba pake nganga ikuyang'ana kumwamba, ndipo muthiremo makapu awiri a madzi kuti mafuta odontha asapserere. Msuzi wanu udzachokera m'menemo.

Langizo lachinayi ndi la moto, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa manambala amasokoneza. Uvuni ukhale pa madigiri 165 a Celsius, amene pa uvuni wa ku America ndi pafupifupi 325 a Fahrenheit. Nyama nayo yapsa ikafika madigiri 74 a Celsius mkati, amene ndi 165 a Fahrenheit. Nkhukundembo ya makilogalamu 6 imatenga maola 3 kapena kupitirirako pang'ono, osafika 4. Khungu la nganga likayamba kuderako ola lachiwiri lisanathe, liphimbeni ndi foyilo. Musamatsegule uvuni pafupipafupi, chifukwa kutentha kumathawa ndipo nthawi imatalika.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama. Ndikudziwa kuti amayi athu sankayeza, ankangobaya ndi foloko n'kudziwa. Iwo ankaphika nkhuku yoduladula mumphika, pamene inu mukuwotcha mbalame yolemera ngati nkhuku zinayi, imene nganga yake imapsa msanga ntchafu zisanapse. Diso silingaone zimenezo. Bayani pamalo onenepa a nganga, mkati mwa ntchafu ndi mkati mwa phiko, osakhudza fupa. Malo onse atatu afike 74, ndipo ntchafu ikafika cha m'ma 80 imafewa bwino koposa. Kabatani kapulasitiki kamene kamabwera kobayidwa pa nganga musakadalire, kawirikawiri kamatumphuka nyama itauma kale.

Mukaitulutsa, musaidule. Alendo adzakhala atamva fungo ndipo ana adzakhala akuzungulira khitchini, koma isiyeni ipume mphindi 30. Mukadula ikadali yotentha kwambiri, madzi onse amathera pathabwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi imeneyo ndi yopangira msuzi: chotsani mafuta oyandama m'thileyi, kazingani ufa wa tirigu pang'ono m'mafutawo mpaka ufiire, thirani madzi a m'thileyi ndi amene mwawiritsira khosi, mutakase mpaka ulimbe.

Chiwindi ndi nthutumba zija ndi za mpunga umene eni ake amautcha rice dressing kapena dirty rice. Zidulenidulleni tizidutswa tating'ono kwambiri, muzikazinge ndi nyama yogaya mpaka zifiire, muthire anyezi, celery ndi tsabola wobiriwira, muonjezere zokometsera zotsala zija ndi msuzi pang'ono, kenako musakanize ndi mpunga wophika kale. Ku Louisiana amalima mpunga wambiri, ndipo patebulo la phwando mbale imeneyi sisowa.

Mudzaona anansi akukazinga nkhukundembo yathunthu m'chimphika cha mafuta a mtedza panja, ndipo mudzasirira chifukwa imapsa ola lisanakwane. Chaka choyamba musayese. Mbalame ikakhala ndi ayezi kapena madzi, mafuta amasefukira pamoto, ndipo nyumba zimapsa motero. Phunzirani kaye ya mu uvuni, ndipo tsiku limene mudzafune kukazinga mukaime pambali pa munthu amene anazolowera. Safunsa anadya phula.

Mukatha kudya, zotsala zilowe mufuriji pasanathe maola 2, nyama itachotsedwa kumafupa, ndipo muzimalize m'masiku 3 kapena 4. Mafupa musataye. Mawa lake awiritseni, mukazinge ufa wa tirigu ndi mafuta muyezo wofanana, muzitakasa osasiya mpaka zide ngati chokoleti, muthiremo masamba atatu aja, msuzi wa mafupa, soseji ya andouille ndi nyama yotsala. Imeneyo ndiyo gumbo, imene amadyera mpunga, ndipo ena amathiramo therere lobala lomwe lija la kwathu. Mabanja ambiri a ku Louisiana amaidikira gumbo imeneyi mofanana ndi phwando lenilenilo.

Inu amene mudzaphike mbalameyi kwathu pa Khirisimasi, ya kumudzi yophedwa kumene ilibe za kusungunula, koma nyama yake ndi yolimbirapo ndipo mafuta ndi ochepa, choncho musaumire batala. Paprika amalimidwa kwathu komwe, ndipo tsabola wouma wosinja alowa m'malo mwa cayenne, bola mulawe kaye ukali wake. Ngati mukukayika magetsi, iduleni pakati kutsata msana, muiyale, chifukwa yoyala imapsa msanga. December ndi wotentha, ndiye nyama yaiwisi isakhale panja.

Ana anga, m'mera mpoyamba. Tengani kalendala lero, mulembe Loweruka la kusungunula, Lachiwiri la mchere ndi Lachinayi la moto, ndipo choyezera kutentha mugule sabata isanafike. Mukadzaiphika bwino, chaka chamawa muitane wamng'ono wanu aime pambali panu, mumugwire dzanja polowetsa batala pansi pa khungu, monga mmene mayi uja anandigwirira ine.