Funsani makaniko: Hiace yawira pa chitunda cha Chiweta

WOWULUTSA: Kalata yoyamba yachokera ku Chiweta m'boma la Rumphi. Abambowa ali ndi Toyota Hiace ya injini ya 3L yoyenda pakati pa Karonga ndi Mzuzu. Akuti: "Inawira ndikukwera chitunda cha Chiweta. Pano ikufuka utsi wabuluu, oyilo ikumwa ngati thobwa. Mnzanga wandipatsa mapisitoni a 5L. Ndiikemo?"

MAKANIKO: Abambo, mnzanuyo mumuthokoze, koma katundu wakeyo mum'bwezere. Injini za 2L, 3L ndi 5L n'zapachibale, kunja zimafanana, koma m'mimba n'zosiyana. Bowo la silinda ya 3L ndi mamilimita 96, la 5L ndi 99.5. Pisitoni ya 5L silowa n'komwe. Ya 2L ndi 92; imeneyo ilowa, koma izikhutchumuka ngati phazi la mwana mu jombo ya bambo ake.

Musanatulutse ndalama, palani mwaye pamwamba pa pisitoni yakaleyo. Mukaona STD, ndiye kuti buloko sinakulitsidwepo. Mukaona 0.50, wina anachitapo kale rebore. Kenako yendetsani chikhadabo m'kati mwa silinda chakumtunda. Chikakola pa kamzere, silinda yadyeka, ndipo maring'i atsopano okha sathetsa utsiwo. Nyamulani buloko mupite nayo ku Mzuzu kwa amakina akayeze.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amakulitsa bowo kaye, mapisitoni n'kukagula pambuyo. Ayi. Wamakina ayambe wagwira pisitoniyo m'manja, ayiyeze, bowo alidule molingana nayo. Pomanga, kachizindikiro ka pamwamba pa pisitoni kaloze kutsogolo kwa injini. Gasiketi ya hedi nayonso si imodzi: ilipo yopyapyala ndi yokhuthala, malinga ndi mmene pisitoni yatulukira pamwamba pa buloko.

WOWULUTSA: Yachiwiri ndi ya mnyamata wophunzira umakaniko kufupi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga. Wagula crankshaft yakale, wogulitsa akulumbira kuti ndi ya 3L. Aidziwa bwanji?

MAKANIKO: Achimwene, wogulitsa amalumbira tsiku lililonse. Inu yezani. Ikhazikeni pambali pa imene mwachotsa mu injini, muyerekeze kumbuyo kokhala flywheel ndi kutsogolo kokhala pulley. Mukatero, ikeni mu buloko ndi pisitoni imodzi, muizungulize ndi dzanja, muyeze mtunda umene pisitoni ikuyenda kuchokera pansi kufika pamwamba. Mamilimita 96 ndi ya 3L kapena 5L. Mukapeza 92, akugulitsani ya 2L, ndipo pisitoni izitsalira mamilimita awiri osafika pamwamba. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto, imadalira kupanikiza mpweya. Yotereyo muzikankha m'mawa uliwonse.

Ipachikeni pa chingwe, muigogode pang'ono ndi hamala. Yabwino imalira ngwee, ngati belu la kusukulu. Yamng'alu imangoti phu. Pokhala ma bearing pakakhala pakuda mobiriwira, inayendapo yopanda oyilo, isiyeni. Payezeninso ndi micrometer, chifukwa mwina anaipala kale kufika 0.25 kapena 0.50, ndipo ma bearing ayenera kukhala a nambala yomweyo. Ine ndili mnyamata ndinamangapo injini osatsuka timabowo ta oyilo ta mu crankshaft. Sinathe sabata, inagogoda, ndipo abwana anandidula malipiro.

WOWULUTSA: Mawu otsiriza kwa abambo a Hiace aja?

MAKANIKO: Chinapha injini yanu si pisitoni, n'kuwira. Tsukitsani radiator, sinthani chivindikiro chake, onani pampu ya madzi ndi lamba wa fani. Ngati thermostat anakuchotserani, ibwezereni. Makilomita 1,000 oyamba musadzaze anthu ndi matumba a usipa, ndipo pokwera kuchoka kunyanja tsitsani giya msanga, diso lili pa geji. Mukapanda kutero, mudzatilemberanso kalata yomweyi mvula isanagwe.