Shopu Ndi Yanu, Koma Makiyi Ali ndi Landilodi

Mu 2003 kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco inatsegula Second Life, dziko la pa intaneti lomwe munthu amayendamo ndi kathupi kojambulidwa kotchedwa avatar. Kampaniyo inangoika nthaka, nyanja ndi zida zomangira. Nyumba, madiresi, tsitsi, magule, ngakhale kayendedwe ka avatar, zonsezi ankapanga ndi anthu olowamowo. Chaka chisanathe, eni dzikolo analengeza mawu okoma: chimene wapanga ndi chako, gulitsa umo ufunira. Ndalama yake, Linden dollar, inkasinthika ndi dola ya ku America, dola imodzi kugula ma Linden oposa 250.

Ena anadyadi bwino. Mu 2006 mayi wina, Ailin Graef, yemwe m'dzikomo ankatchedwa Anshe Chung, analengeza kuti chuma chake cha m'menemo chapyola madola 1 miliyoni. Ankagula malo, kuwakongoletsa, kuwagulitsa, ena n'kumachititsa lendi. Mbiri itabuka, anthu anakhamukirako.

Mu Novembala chaka chomwecho kunatulukira CopyBot, pulogalamu yokopera chinthu cha mwini popanda kupempha. Taganizani telala wa pakompyuta amene wachezera usiku wonse kulinganiza mapindo a diresi kuti azigwa bwino avatar akamavina, kukacha n'kupeza diresi lomwelo pa shopu ya wina, motchipa. Ambiri anatseka mashopu pokwiya. Linden Lab inati wogwidwa akuba ndi pulogalamuyo adzathamangitsidwa, koma ntchito yosaka wakubayo ndi kulemba madandaulo inatsalira mwini diresi.

Zowawa kwambiri zinadza ndi banki. Pakuti aliyense ankamanga chimene wafuna, wina anamanga Ginko Financial, yokhala ndi makina a ATM oimikidwa m'misewu ya dzikolo. Inkalonjeza chiwongoladzanja choposa 40 peresenti pachaka. Mwini wake ankangodziwika ndi dzina la avatar, ndipo kumene ndalamazo zinkapita sankalongosola bwinobwino. Panalibe boma loiyang'anira, panalibe inshulansi. Komabe anthu anasungitsako phindu la madiresi ndi lendi ija. Munthu amene sangapatse mlendo wa pamsika ngakhale ya sopo kuti amusungire, pakompyuta mtima unkamugwa pansi chifukwa nyumba ya bankiyo inajambulidwa mokongola.

Mu Julayi 2007 Linden Lab inaletsa juga m'dziko lonselo. Makasino anali gwero lalikulu la ndalama zoyenda m'menemo, choncho anthu anathamangira kukatapa zawo. Ma avatar anaunjikana pa ATM, makina osatulutsa kanthu. Mu Ogasiti Ginko inagwa, ndipo osungitsa anapatsidwa timapepala ta ngongole tomwe mtengo wake unatsikiratu. Zinalowa m'madzi ndi ndalama pafupifupi madola 750,000, zenizeni, zoti munthu akanalipira nazo fizi. Mu Januwale 2008 kampaniyo inaletsa mabanki onse opereka chiwongoladzanja opanda chilolezo cha boma lenileni. Oluzawo sinawabwezere.

Mwini Ginko ali ndi mlandu wake, sindikumuikira kumbuyo. Koma onani chimene chinayambitsa chipwirikiticho: lamulo limodzi lochokera ku ofesi ya kampani, lomwe omanga dzikolo sanafunsidwepo maganizo. Womanga m'maiko oterewa ali ngati walendi amene waika matailosi ndi siling'i m'nyumba ya eni. Ngati inu kapena mwana wanu mukupanga magemu pa Roblox lero, dziwani kuti nakonso mtengo wosinthira ndalama yake ya Robux kukhala dola amaika ndi kampani, ndipo wopanga gemu amangolandira gawo la zimene osewera alipira. Sungani makope a ntchito yanu pakompyuta yanu, phindu muzitapa likadali lochepa.

Nanga lonjezo lija lakuti chimene wapanga ndi chako? Mu Ogasiti 2013 Linden Lab inasintha malamulo ake n'kudzipatsa ufulu wogwiritsa ntchito, kukopera ndi kugulitsa chilichonse choikidwa m'dzikomo, mpaka kalekale, pa cholinga chilichonse. Akatswiri ojambula anadandaula kwambiri, ena n'kusiya kuikamo zatsopano. Koma wofuna kulowa ankayenera kudina kaye batani lovomera malamulowo, ndipo shopu yake, katundu wake ndi makasitomala ake zonse zinali mkati.