PHUNZIRO: Njinga yamoto ikamamwa petulo wambiri

Njinga yamoto ya koperativa ndi chuma chathu tonse. Imatenga mbewu, imapititsa tomato kumsika, imanyamula wodwala kupita kuchipatala. Ikayamba kumwa petulo wambiri, zikutha ndi ndalama zathu.

Njinga zambiri zakale zili ndi kabuleta. Zimenezo zilibe sensa. Njinga zina zatsopano zili ndi kakompyuta kopima petulo. Njinga zoterezi zili ndi kachipangizo kotchedwa sensa ya okosijeni.

Sensa ili pati?

Ili pa paipi ya utsi, pafupi ndi injini. Imafanana ndi pulagi ndipo ili ndi mawaya.

Ntchito yake ndi yotani?

Injini imafuna mpweya ndi petulo. Muyeso wabwino ndi makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Sensa imanunkhiza utsi, nkuuza kompyuta. Okosijeni akatsala wochepa mu utsi, petulo wachuluka, kompyuta imachepetsa. Akatsala wambiri, petulo wachepa, kompyuta imawonjezera. Sensa ikafa, kompyuta imangoyerekeza.

Zizindikiro zake ndi izi. Petulo akutha msanga. Utsi ukutuluka wakuda. Pulagi yadzaza mwaye. Injini ikutsokomola kapena kuzima yokha. Kanyali ka injini kayaka ndipo sikakuzima.

Tisathamangire kugula sensa, anzathu. Ndi yodula, ndipo matenda ena amaonetsa zizindikiro zomwezi. Tiyambe ndi zosavuta.

1. Tione sefa ya mpweya. Fumbi la m'misewu yathu limaitseka msanga.
2. Tione pulagi ngati yatha.
3. Tione paipi ya utsi. Ikabooka pafupi ndi injini, mpweya umalowa, sensa nkunamizidwa.
4. Titsate mawaya a sensa. Kodi aduka? Apsa? Polumikizira palowa madzi kapena matope?

Zonsezi zikakhala bwino, tiyeze sensa ndi mita ya magetsi. Tilize injini mpaka itenthe, pakuti sensa yozizira sigwira ntchito. Imayamba ikatentha kupitirira madigiri 300. Sensa yamoyo ya mtundu wofala imasinthasintha manambala pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt. Nambala ikaima pamodzi osasuntha, kapena ikamasintha mwaulesi, sensa yatopa. Tikasowa mita, tipite kwa makaniko amene ali nayo.

Posintha sensa tichite chotere. Tizimitse injini, tidikire paipi izizire kuti tisapse. Tiyambe tachotsa waya polumikizira, kenaka timasule ndi sipanala yokwana bwino. Tigule sensa yofanana ndi yakale. Tiimange ndi dzanja poyamba, timalize ndi sipanala, osakhwimitsa kwambiri. Nsonga yake isakhudze girizi kapena oyilo. Waya apite kutali ndi paipi yotentha.

Chimapha sensa ndi chiyani? Petulo wakuda kapena wosakaniza, ndi oyilo wopsa mu injini. Injini ikamadya oyilo, tikonze imeneyo poyamba. Tikapanda kutero, sensa yatsopano idzafanso.

Tilembe m'buku la koperativa malita amene tathira ndi makilomita amene tayenda. Buku lidzationetsa vuto lisanakule.

Mawu atsopano: sensa, okosijeni, sefa, mita, volt.

Mafunso
1. Sensa ili pati?
2. Tchulani zinthu zinayi zoyamba kuona.
3. Chifukwa chiyani timayeza injini itatentha?
4. Njinga yatha malita 3 pa makilomita 120. Lita imodzi yayenda makilomita angati?