Kodi mpeni wodula ngofunikadi pomezanitsa mitengo?

Alimi anzanga, sabata yatha ndili ku Chongoni, mlimi wina wa mapichesi adandifunsa ngati n'kwanzeru kugula mpeni wopinda wa Victorinox wochokera ku Switzerland, pomwe wa Okapi, womwe umapangidwa ku South Africa kuyambira 1988, ngotsika mtengo.

Yankho lagona pa ntchito imene mpeniwo ukagwire. Pomezanitsa, kanthambi ndi tsinde zimagwirana pokhapokha mnofu wobiriwira wa pansi pa khungwa ukakhudzana bwino. Mpeni womezanitsira udanoledwa mbali imodzi yokha, choncho umadula mosalala mukangokoka kamodzi. Okapi ngonoledwa mbali zonse ziwiri ndipo sachedwa kuchita dzimbiri, koma savuta kunola.

Ine nditangoyamba ntchitoyi ndidamezanitsa mbande ndi mpeni wodula womwe ana ankasendera nzimbe. Zambiri zidauma, chifukwa mpeni wobuntha umaphwanya mnofu uja. Mtengo wa mpeni sudandipulumutse.

Tsono malangizo anga ndi awa. Ngati muli ndi nazale yogulitsa mbande chaka ndi chaka, gulani wodulawo. Mbande zopulumuka zidzabweza ndalama zanu. Amanzere afunse kaye, pakuti yambiri idapangidwira dzanja lamanja. Koma ngati mitengo yanu ndi khumi chabe pakhomo, Okapi wonoledwa mpaka kumeta cheya cha pamkono ngokwanira.

Mpeni uliwonse muupukute ndi sipiriti musanapite pa mtengo wina kuti musafalitse matenda. Mukamaliza upakeni mafuta, muupinde, ndipo musabwereke munthu.